Chipale Cha M'beseni: Kuphunzitsa Ana Zanyengo Pogwiritsa Ntchito Manja Awo

M'sukulu zambiri za mkombaphala ku America ndi ku Britain, aphunzitsi akafuna kuphunzitsa za nyengo yozizira amatulutsa beseni, kapu ya madzi ndi kapaketi ka ufa woyera. Akathira madzi pa ufawo, m'kamphindi kochepa umafufuma n'kukwera m'beseni, woyera mbee, wofewa, ndipo ukaukhudza umamveka kuzizirira. Ana amapisamo manja, amaufinya, amayesa kuumba timipira, kenaka mafunso amayamba kubwera okha. Chachokera kuti? Bwanji sichikusungunuka? Chenicheni chimagwa bwanji kuchokera kumwamba?

Ichi ndicho chipale chochita kupanga. Ngakhale m'mayiko ozizirawo, si mwana aliyense amene anaonapo chipale chikugwa. Mwana wokulira ku Florida akhoza kufika msinkhu wopita ku sekondale asanachikhudzepo. N'chifukwa chake aphunzitsi anapeza njira yobweretsera nyengo m'kalasi, kuti mwana aigwire ndi zala zake.

Ana athu nawonso amamva za chipale. Amachiona m'mabuku a zithunzi, m'makatuni a pa TV, ndi pa zithunzi zimene achibale a ku Scotland kapena ku South Africa amatumiza pa foni. Ife amene timathandiza pa nkhani zaumoyo m'mabanja taona kuti phunziro limeneli lili ndi mbali ziwiri. Likhoza kutsegula mutu wa mwana kuti amvetse mvula, matalala, mphezi ndi chisanu cha kwathu konkuno. Komanso likhoza kuvulaza mwana ngati makolo sakudziwa chimene chili m'paketimo. Tiyeni tione mbali zonse ziwiri.

Kodi chipale n'chiyani?

Tiyambe ndi mawu, chifukwa pamenepa ndi pamene ambiri timasokonezeka. Ena amati chipale chofewa, ena amangoti sinowo. Baibulo la Buku Lopatulika limagwiritsa ntchito mawu akuti matalala m'malo ena amene akunena za chipale, ndiye ambiri tinakula tikuganiza kuti ziwirizi n'chimodzi. Zonse ndi madzi oundana, koma kapangidwe kake n'kosiyana.

Matalala timawadziwa bwino. Amagwa m'nyengo yotentha, pamene kwachita mitambo yakuda bii ya mabingu. M'kati mwa mtambo wotero mumakhala mphepo yamphamvu yokwera m'mwamba, imene imanyamula timadontho ta madzi kupita nato kumene kukuzizira kwambiri. Kumeneko timaundana, timadontho tina timamatirira pamwamba pake, ndipo kamwalako kamanka kakula mpaka mphepo italephera kukanyamula. Kakagwa kamabwera ndi liwiro, kali kolimba, n'chifukwa chake matalala amang'amba masamba a fodya ndi chimanga.

Chipale sichiyamba ngati dontho. Nthunzi ya madzi imene ili mumtambo wozizira kwambiri imaundana mwachindunji pa kafumbi kakang'ono, n'kupanga kanthu kopyapyala ka mbali 6. Tinthu timeneti timagwirana, timapepuka ngati nthenga, ndipo timatsika pang'onopang'ono. Pakati pake pamakhala mpweya wambiri. N'chifukwa chake chipale chatsopano chokwana masentimita 10 chikasungunuka chimasiya madzi pafupifupi sentimita imodzi yokha.

Palinso chisanu, chija chimayeretsa udzu m'mamawa m'madera okwera monga ku Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje m'miyezi ya June ndi July, n'kuwaula ndiwo zamasamba m'madimba. Chisanu sichigwa kuchokera m'mitambo. Chimapangika pomwepo pa tsamba, usiku wopanda mitambo, pamene tsambalo lazizira mpaka kufika pa madigiri 0 kapena kutsikirapo. Kukanakhala kofundirapo pang'ono tikanaona mame.

Bwanji sichigwa kwathu?

Mwana wochenjera adzafunsa funso limeneli, ndipo yankho lake ndi losangalatsa. Mvula yambiri imene imagwa pa madenga athu imayamba ulendo wake ili youndana. M'mwamba mwenimweni mumazizira ngakhale pansi pano tikutuluka thukuta. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tinthu toundana tija tikamatsika timakumana ndi mpweya wofunda, timasungunuka, ndipo pofika pa chingwe choyanika zovala takhala madontho. Matalala amapulumuka chifukwa ndi akuluakulu ndipo amagwa mofulumira, alibe nthawi yosungunukira.

Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalika mamita 3,002, ndipo okwera kumeneko amanyamula majuzi ndi mabulangete. Phiri la Kilimanjaro ku Tanzania ndi lotalika mamita 5,895. Lili m'dera lotentha ngati lathu lomweli, koma pamwamba pake pamakhala madzi oundana chaka chonse. Ku Lesotho, dziko la mapiri okhaokha, chipale chimagwa m'nyengo yozizira mpaka anthu amapita kukasewera potsetsereka pa malo otchedwa Afriski. Abale athu okhala ku Johannesburg anachiona chikugwa pa 10 July 2023, ndipo chinali chisanagwe mumzindawo kuyambira mu 2012. Mwana akamva zimenezi amayamba kuzindikira kuti kutalika kwa malo ndi kuzizira zimayendera limodzi, ndipo sadabwanso kuti ku Dedza amavala juzi pamene ku Nsanje akugona panja.

Anthu awiri oleza mtima

Ana amakonda nkhani za anthu, ndipo pa phunziroli pali awiri oyenera kuwatchula. Woyamba ndi Wilson Bentley, mlimi wa ku Jericho m'chigawo cha Vermont ku America. Mu 1885 iye anakwanitsa kujambula chithunzi cha kachidutswa kamodzi ka chipale, atalumikiza kamera ku galasi lokulitsira zinthu. Ankagwira ntchito pamalo ozizira, mofulumira, kachidutswako kasanasungunuke. Pa moyo wake anajambula zithunzi zoposa 5,000, ndipo sanapeze ziwiri zofanana ndendende.

Wachiwiri ndi Ukichiro Nakaya wa ku yunivesite ya Hokkaido ku Japan. Mu 1936 iye anapanga chipale chenicheni m'chipinda chozizira, ndipo kachidutswa koyambako kanamera pa kaubweya ka kalulu. Anapeza kuti maonekedwe a kachidutswa kalikonse amatengera kuzizira ndi chinyontho cha mpweya umene kakuliramo. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene amathamangira kutaya chinthu akalephera kamodzi angapindule ndi nkhani ya amuna awiriwa.

Masiku ano kuli makina opopera madzi ndi mpweya m'malo ozizira kuti apange chipale cha masewera. Pa mpikisano wa Olimpiki wa m'nyengo yozizira umene unachitikira ku Beijing mu 2022, pafupifupi chipale chonse chinali cha makina otere. Chimenecho ndi madzi oundana enieni. Cha m'paketi chija ndi chinthu china.

Chimene chili m'paketi

Ufa umene aphunzitsi akunja amagwiritsa ntchito dzina lake ndi sodium polyacrylate. Ndi wa mtundu umodzi ndi zimene zimakhala m'kati mwa matewera ogula kusitolo, aja amamwa mkodzo osadontha. Umatha kumwa madzi olemera kuposa iwo mwini kambirimbiri, mpaka mazana angapo. Umamveka kuzizirira chifukwa madzi amene wamwawo amakhala akuuluka pang'onopang'ono, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Susungunuka. Ukauyanika masiku angapo umabwerera kukhala ufa, ndipo ukauwaza mchere umaphwa n'kusanduka madzimadzi.

Pa mapaketi ambiri amalemba kuti mulibe poizoni. Mawu amenewo asatipusitse, chifukwa chinthu chopanda poizoni chikhozabe kuvulaza. Ufa umenewu ukalowa m'maso kapena m'mphuno umamwa chinyontho cha momwemo n'kuyabwa. Mwana wa mphumu akhoza kutsokomola ndi fumbi lake. Ukagwera pa simenti umaterera koopsa, ndipo ukatayidwa m'sinki umatseka mapaipi.

Choopsa kwambiri ndi m'bale wake wa ufawu, timikanda tamitundumitundu timene timafufuma m'madzi n'kukhala ngati timipira ta jeli. Tikakhala touma timaoneka ngati maswiti ang'onoang'ono. Mwana akameza kamodzi, kamapitiriza kukula m'mimba ndipo kakhoza kutseka matumbo. Madokotala amavutika kukaona pa X-ray. Bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la Consumer Product Safety Commission, linanena kuti pakati pa 2018 ndi 2022 anthu pafupifupi 7,000 anathandizidwa m'zipatala za m'dzikomo atameza timikanda timeneti. Mu 2023 mwana wa miyezi 10 anamwalira, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho masitolo akuluakulu a Amazon, Walmart ndi Target analengeza kuti asiya kugulitsa timikandati ngati zidole za ana.

Mbiri imatichenjezanso. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, ku America ankagulitsa asbestos m'mabokosi ngati chipale chokongoletsera nyumba. Anthu ankachiwaza pabalaza, ana ali pomwepo. Patapita zaka ndi pamene zinadziwika bwino kuti fumbi la asbestos limayambitsa khansa ndi matenda a m'mapapo. Chinthu chikangokongola, tisathamangire kuchipereka kwa mwana tisanafunse. Safunsa anadya phula.

Ngati wachibale wakutumizirani paketi ya chipale chochita kupanga, kapena mukukhala kunja kumene chimapezeka paliponse, malangizo athu ndi awa. Mwana wosakwana zaka 3, ndi aliyense amene akadali ndi chizolowezi choika zinthu m'kamwa, asachikhudze. Wamkulu ndiye asakanize ufa ndi madzi, ana abwere chitafufuma kale. Seweretsani panja, pa mkeka wokutidwa ndi pulasitiki, ndipo mukatha kulungani zonse n'kutaya kumene nkhuku, mbuzi ndi agalu sizingafike. Musang'ambe matewera kuti mutengemo ufa. Timikanda tofufuma tija tisalowe n'komwe m'nyumba imene muli mwana wokwawa.

Ufa ukalowa m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15. Mukakayika kuti mwana wameza kamkanda, kapena wakalowetsa m'khutu kapena m'mphuno, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula paketi yake. Musamusanzitse. Kusanza, kutupa mimba, kukana kudya ndi kusachita chimbudzi ndi zizindikiro zosayenera kudikira nazo kuti kuche.

Zimene tili nazo kale pakhomo

Nkhani yabwino ndi yakuti phunziroli silidalira paketi yochokera kunja. Ndipo kunena zoona, ufa wa m'paketi umaphunzitsa zochepa za nyengo, popeza suundana ndipo susungunuka. Zinthu za pakhomo pathu zimaposa.

Amene muli ndi firiji, yang'anani m'chipinda chake chozizira kwambiri. Zoyera zija zimamatirira m'mbali, zimene timadandaula nazo kuti zikutseka chitseko, zimapangika kuchokera ku nthunzi ya mumpweya, mofanana ndi chisanu cha pa udzu. Zimitsani firijiyo, palani ndi chipande chamtengo kapena supuni ya pulasitiki, n'kuika m'mbale. Musagwiritse ntchito mpeni, mungaboole paipi ya firiji. Ngati m'chipindamo mumasungiramo nsomba kapena zakudya zina zosaphika, zoyerazo n'zosayenera kupatsa ana. Ndi bwino kuumitsa madzi oyera m'chidebe chotseka.

Amene mulibe firiji, pemphani mnansi kapena wogulitsa mafirizesi kuti akuumitsireni madzi akumwa m'botolo kapena m'jumbo. Mukawakulunga m'nsalu yokhuthala amafika kunyumba asanathe. Akulungeni m'chitenje choyera, ikani mumtondo, sinjani ndi munsi. Musanasinje, aonetseni ana kuti madzi oundanawo akuonekera mkati ngati galasi. Mukasinja, ayera mbee. Palibe utoto umene mwathira. Tizidutswa tambirimbiri tija tikubweza kuwala mbali zonse, ndipo chimenecho ndicho chifukwa chake chipale chimaoneka choyera.

Chipale choumbira chosasungunuka mukhoza kuchipanga ndi soda yemwe uja timathira m'therere. Thirani madzi pang'onopang'ono, supuni imodzi pa nthawi, mukusakaniza mpaka ayambe kugwirana mukafinya. Amamveka kuzizirira m'manja. Njira ina ndi ufa woyera makapu 8 pa kapu imodzi ya mafuta ophikira, kapena masupuni 8 pa supuni imodzi ngati mukufuna zochepa. M'miyezi ya njala sitingalimbikitse kuseweretsa ufa, ndipo kambale kamodzi kakang'ono kamakwanira ana atatu. Zonsezi n'zosadya. Soda wambiri m'mimba mwa mwana ndi woopsa chifukwa cha mchere umene uli momwemo. Ana asambe m'manja ndi sopo asanayambe komanso akatha.

Mmene phunziro lingayendere

Ana a zaka 4 mpaka 7 satha kukhala pansi nthawi yaitali. Mphindi 20 kapena 30 ndi zokwanira. Sankhani tsiku lopanda changu, monga Lamlungu masana zochapa zitatha, ndipo itanani ana a anansi awiri kapena atatu, chifukwa funso la mmodzi limadzutsa la mnzake.

Yambani ndi kugwira. Ikani madzi oundana osinja m'mbale imodzi, chipale cha soda m'mbale ina. Mwana akhudze zonse ziwiri n'kunena yekha zimene akumva. Musamuuze mawu, mulekeni awapeze: chozizira, chonyowa, cholimba, chofewa, choterera. Kenaka funsani kuti, "Tikaziika padzuwa, ndi chiti chimene chisinthe?" Aliyense anene maganizo ake musanayese. Wolosera molakwa musamuseke, chifukwa kulosera n'kuyesa ndiko kuphunzira kumene.

Kachiwiri, dzazani kapu yoonekera mkati ndi zopala za m'firiji kapena madzi oundana osinja, osatsindira. Mwana aike chizindikiro ndi makala kapena ulusi pamene zalekezera. Siyani kapuyo pakhonde. Zikasungunuka, madzi adzakhala m'munsi mwa chizindikirocho. Afunseni kumene zina zapita. Akaganiza mokwanira, afotokozereni kuti mipata ija munali mpweya.

Kachitatu, gawani madzi oundana m'mbale zitatu. Ina ikhale padzuwa, ina pamthunzi, ina muikulunge ndi juzi. Ana ambiri amaganiza kuti ya m'juzi isungunuka msanga, popeza juzi limafunditsa. Adzadabwa kuona kuti ndiyo yatsalira. Juzi silipanga kutentha, limangoletsa kuti kutentha kusadutse. Pa thupi la mwana limasunga kutentha kwa thupilo, pa mbale ija likuletsa kutentha kwa panja kuti kusalowe. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake savuta kumuveka juzi m'mamawa wa July.

Chomaliza n'chimene ana amachikumbukira nthawi yaitali, koma chimafuna wamkulu. Tengani chitini chopanda mano akuthwa, chotsani pepala lake, dzazani madzi oundana osinja, thirani mchere masupuni angapo n'kutakasa. Chiikeni patebulo pamthunzi. Pakapita mphindi zingapo, kunja kwa chitinicho kumayamba kuyera. Chimenecho ndi chisanu chenicheni, chopangika kuchokera ku nthunzi ya mumpweya umene tikupuma. Pambali pake ikani kapu ya madzi ozizira opanda mchere, imene idzangochita thukuta. Pamenepo mwana waona mame ndi chisanu zili pamodzi, ndipo wadziwa kuti mumpweya muli madzi ngakhale sakuwaona.

Chenjezo pa chitinichi ndi lalikulu. Mchere ukasakanikirana ndi madzi oundana, kuzizira kwake kukhoza kufika pafupifupi madigiri 20 pansi pa 0. Zikakhala pa khungu zimawotcha ngati moto n'kusiya chilonda. Mwana asazifumbate m'manja, asaziike pa mkono, ndipo asanyambite chitinicho. Ngakhale madzi oundana opanda mchere, mwana awagwire kwa kanthawi, apumule, apukute manja. Mwana wodwala sickle cell angoonerera kapena agwiritse ntchito supuni, chifukwa kuzizira kumatha kumudzutsira ululu.

Matalala akagwa, musataye mwayi. Dikirani mabingu atheretu, tolani akuluakulu m'kapu, ndipo wamkulu adule limodzi pakati. Nthawi zambiri mkati mumaoneka mizere yozungulira ngati ya anyezi, yosonyeza mmene linakulira mumtambo muja.

Kuchoka pa beseni kupita pabwalo

Chipale ndi khomo chabe. Cholinga chathu ndi chakuti mwana azolowere kukweza maso n'kufunsa zimene kumwamba kukuchita, chifukwa nyengo ya kwathu kuno ndi imene imakhudza thanzi ndi moyo wake.

Pangani naye choyezera mvula. Chitini cha mbali zowongoka, choikidwa pamalo osayandikana ndi denga kapena mtengo, n'chokwanira. M'mawa uliwonse, nthawi yofanana, mwana apise rula n'kuwerenga, ndipo mulembe pa kalendala. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Mukalemba khuthulani chitinicho, kuti chisakhale chiswero cha udzudzu. Pamenepo mwaphunzitsa masamu, nyengo ndi kupewa malungo nthawi imodzi.

Agogo ali ndi gawo lawo. Iwo ndi amene amadziwa kusiyanitsa chizimalupsa ndi mvula yobzalira, mvumbi ndi mawawa, chiperoni ndi mwera. Mawu amenewa akutha m'kamwa mwa ana a m'tauni. Mwana akhale pafupi ndi agogo ake, afunse zizindikiro zimene iwo ankayang'ana kale, ndipo madzulo banja limvetsere limodzi pa wailesi uthenga wochokera ku nthambi ya boma yoona zanyengo. Mawa lake mwanayo anene ngati zimene analoserazo zachitika.

Pa nkhani ya mphezi, phunzitsani kuwerenga. Kukang'anima, mwana awerenge mpaka amve bingu. Masekondi 3 aliwonse ndi mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Koma lamulo lake likhale lapafupi: wamva bingu, lowa m'nyumba. Asabisale pansi pa mtengo, achoke pabwalo la mpira, kudambo ndi kumtsinje, ndipo adikire mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza asanatulukenso. Akuluakulu tidziwenso kuti munthu woombedwa ndi mphezi sasunga moto m'thupi. Tikhoza kumugwira n'kumuthandiza nthawi yomweyo.

Pa nkhani ya madzi osefukira, bala lathu likadali laliwisi. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsa m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje midzi inakokoloka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ana ali m'gulu lomwelo. Sitikunena kuti chitini choyezera mvula chikanaletsa zimenezo. Koma mwana amene wakhala akuona chitini chake chikudzaza masiku atatu otsatizana amamvetsa mayi ake akamuletsa kuwoloka mtsinje popita kusukulu. Muuzeni kuti madzi othamanga ongofika m'mwamba mwa akakolo, masentimita 15 okha, amatha kugwetsa munthu wamkulu.

Nyengo yozizira nayo ili ndi misampha yake. Ana amayandikira moto mopitirira, ndipo zilonda zamoto zimabwera mwa njira imeneyo. Mbaula ya makala ikalowa m'chipinda chotseka imatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Kumbutsani mwana za mbale yokulungidwa m'juzi ija. Chofunditsa usiku ndi bulangete, chipewa ndi masokosi, ndipo mbaula igone panja. Khanda lizifundidwa kumutu ndi kumapazi, ndipo mwana amene akupuma mothamanga kapena nthiti zikulowa mkati apite kuchipatala mwamsanga, chifukwa chikhoza kukhala chibayo.

Mawu kwa makolo ndi olera ana

Ena mwa ife timaopa kuphunzitsa zinthu zotere poganiza kuti sitinapite patali ndi sukulu. Palibe chofuna digiri pa zonse tafotokozazi. Mwana akafunsa chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti tiyeni tiyese tione, kapena tikafunse aphunzitsi mawa. Adzaphunzira kuti munthu wamkulu nayenso amafunsa, ndipo sadzachita manyazi kukweza dzanja m'kalasi.

Musadandaule ndi zovala zonyowa ndi ufa wa pakhonde. Walira mvula walira matope. Mwana amene amaloledwa kugwira, kufinya, kuthira ndi kudikira amalimbitsa zala zimene adzagwirire pensulo, amaonjezera mawu, ndipo amakhala kanthawi kutali ndi foni. Chofunika ndi chakuti wamkulu akhale pomwepo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maso ali pa ana, makamaka wamng'ono kwambiri. Beseni la madzi lisasiyidwe pamene pali mwana wokwawa, ngakhale madziwo akhale ochepa.

Mlungu uno yambani ndi chimodzi chokha. Umitsani botolo la madzi oyera, konzani mtondo ndi chitenje, ndipo pezani chitini choti chiyembekezere mvula ikubwerayi. Kalendala yolembapo ipachikidwe pamene mwana angafikire ndi dzanja lake.